Ulemu Umene Tinamupatsa Eliya

Lachiwiri lapitali ndinabwereka mpando.

Musaseke. Kwathu kuno kufupi ndi Nsaru mipando yeniyeni, ya miyendo inayi ndi potsamira msana, ndi yosowa, ndipo wabwino koposa ndi wa aphunzitsi a sukulu ya m'mudzi. Ndinalawirira m'mamawa, mphepo ya mwera ikuluma makutu, ndinaupempha, n'kuusenza pamutu ngati mtolo wa nkhuni. Ndinabwerekanso mbale ya kusitolo ndi supuni.

Zonsezi zinali za Eliya, mwana wa mlongo wanga Nambewe, amene ankafika tsiku limenelo atakhala kutali zaka zambiri.

Ndiyambe ndakuuzani za Eliyayo. Bambo ake anali mzungu wogula fodya, amene anakhala kuno nyengo zingapo n'kubwerera kwawo osatsanzika. Mwanayo anabadwira m'nyumba ya mlongo wanga, mchombo wake unagwera m'mudzi muno. Pa mwambo wathu palibe chofunsa: mwana ndi wa kwa mayi ake. Koma boma lili ndi mwambo wakenso, limayang'ana khungu ndi tsitsi. Mwanayo atafika msinkhu woweta mbuzi, kunabwera mawu akuti ana otere, amene boma limawatcha makaladi, ali ndi sukulu yawoyawo kum'mwera. Mwini mbumba ndine. Mawu omaliza anali anga, ndipo amene anamukweza lole ndine. Mlongo wanga sananene kanthu tsiku limenelo, mpaka lero sananenepo. Nkhani imeneyo ndiisiyire pomwepo. Ndaitchula kuti mumvetse chimene chimachititsa nkhalamba kusenza mpando kunja kukuzizira.

Mwanayo anaphunzira ndithu. Atamaliza za kuno anawoloka kupita ku koleji ya dziko lina, ndipo tsopano akuphunzitsa komweko uku akufufuza. Ine amene ndinayamba kugwira sileti ndevu zitamera kale, nditakhala pa chipika pakati pa ana a anzanga, zinthu zoterezi ndimazimva ngati mabingu a kutali.

Ndiye Lolemba ndinasonkhanitsa mbumba yonse n'kuipatsa malamulo. Pasapezeke womutchula kuti iwe. Pasapezeke womutuma. Adzagona yekha m'nyumba yanga, ine ndikagona m'chigafa poti fodya tagulitsa kale. Adzadyera m'nyumba, osati pabwalo ndi amuna anzake.

Anthu anamvera. Kumvera kwathu kuno timakudziwa.

Tinakamuchingamira pa Nsaru. Anatsika lole munthu wamtali, woonda, wovala jekete yotuwa. Titafika pakhomo anawerama kuti akhale pa mphasa pafupi ndi mayi ake, koma ine ndinamugwira mkono.

"Iyayi, iyayi. Malo anu ndi awa."

Anakhala pa mpando paja. Mayi ake anagwada chapatali n'kuomba m'manja.

"Mwayenda bwanji, bambo?"

"Ndayenda bwino, amayi."

Pakati pa awiriwo panali danga loti ng'ombe n'kudutsapo. Ine ndinaona ulemu wokhawokha, mtima wanga unakhala pansi.

Lachitatu masana tinakhala pakhonde, iye pamwamba, ine pa chikopa changa cha mbuzi. Ndinamufunsa kuti ntchito yake yeniyeni n'chiyani, poti anthu akandifunsa ndimangoti ndi mphunzitsi wa aphunzitsi.

"Ndili ndi funso limodzi lokha, atsibweni," anatero. "Sukulu zapamwamba zimalola yani, zimabweza yani, ndipo amene zamulola zimamukhazika pati."

"Nanga akalowa si walowa basi?"

"Kulowetsa munthu m'nyumba n'kwina, kumukhazika pakati panu n'kwinanso."

Anandiuza kuti ku koleji kumene anaphunzira, atayamba kulola anthu akuda, anawamangira nyumba yawoyawo yogona, yatsopano, mabedi ake abwino kuposa a azungu. Akuluakulu a sukulu ananena mokoma mtima kuti achita zimenezo kuti anthu akudawo akhale omasuka, azidya zakudya zimene anazolowera. Iyeyo atafika anasowa pomuika. Kwa azungu anati sizingatheke, kwa akuda anati mwina sangakonde. Ndiye anamupatsa kachipinda kake yekha, pafupi ndi nyumba ya mabuku.

"Kanali kachipinda kabwino kwambiri," anatero. "Ndinkamva anthu akuseka mbali zonse ziwiri."

Mukudziwa chimene ndinayankha ine, mkulu wa mpingo, munthu wolemba m'nyuzipepala sabata ndi sabata? Ndinati, "Anakulemekezanitu!"

Anatembenukira ku nyumba yanga imene tinamugonekamo, n'kunena kuti, "Inde, atsibweni."

Ulendo wake unali wa ziwiri: kuona mayi ake, ndiponso kucheza ndi anthu amene anayamba sukulu n'kulekera panjira, kuti amve chimene chinawabweza. Anati za m'mabuku a boma waziwerenga, koma mabuku sanena chimene munthu anamva tsiku limene anabwezedwa. Madzulo ake anazungulira m'mudzi. Aliyense amene anamupeza ankaimirira, kuvula chipewa, n'kuyang'ana pansi.

"Sukulu ndi yabwino, bwana."

"Boma likutisamala, bwana."

A Kachiza, mwamuna wa nkhani zosatha amene pamaliro amagoneka anthu ndi nseko, anangoti, "Ine ndinangotopa nayo, bwana." Ena ananong'onezana kuti mwina watumidwa kudzamva amene akunyoza boma la Chitaganya. Munthu woyererako, wa jekete, wokhala pa mpando wa aphunzitsi, akufunsa za boma: inu mukanayankha bwanji?

Dzuwa lisanalowe anandiuza kuti wasintha maganizo. Sakhalanso mwezi monga ananenera. Akwera lole ya Loweruka.

M'mawa mwake mlongo wanga anandipeza m'chigafa ndikupinda mphasa. Nambewe si munthu wa mawu ambiri, makamaka kwa ine.

"Alongo, mwana uja akakwera Loweruka ndiye kuti wakwereratu."

"Aa, ntchito yamuitana. Adzabweranso."

"Sadzabwera. Ulendo woyamba uja anapita akulira, ndiye ndinkadziwa kuti mtima wausiya kuno. Uno apita ali chete."

"Nanga tamulakwira chiyani? Chilipo chimene tamumana?"

"Kaya. Koma dzulo ndinamusuzumira akudya. Amadya ngati munthu wogonekedwa m'chipatala."

Ndipo ine, pomva zimenezo, ndinaganiza kuti ulemu wachepa. Ndinalamula kuti aphe tambala, ndinatumanso mawu kwa akazi a aphunzitsi kuti atibwereke nsalu yoyala podyera. Munthu akasochera amawonjezera liwiro.

Tsiku lomwelo, Lachinayi, linali lokweza denga la nkhokwe yatsopano ya Nambewe. Nkhokweyo inali italukidwa kale, denga lake tinalimangira pansi n'kulifolera, lalikulu, la udzu wokhuthala, poti chaka chino chimanga chacha. Musaope, sindikuuzani mwambi wa mutu umodzi uja, mukuudziwa kale. Koma kunena zoona mitu inatichepera. Anyamata athu ambiri ali ku ntchito ku Halale ndi ku Joni, m'mudzi mwatsala ife a mawondo olira.

Eliya anatuluka m'nyumba, ataona tikusonkhana anayamba kumasula mabatani a jekete.

"Ayi, ayi, ayi," ndinatero. "Mungadetse zovala. Khalani apa muzionerera."

Ndinamusunthira mpando pansi pa mango. Anakhala, manja ali pa mawondo.

Tinalowa pansi pa denga. Tinalinyamula, linafika m'chifuwa, mbali ya kumadzulo inalemera, tinalitsitsa. Tinapuma, tinayesanso, linakana. A Kachiza anayamba kutsokomola. Azimayi anaima ndi mtsuko wa thobwa akutiyang'ana mwachisoni.

Pamenepo m'pamene anatulukira Esinati, mwana wanga wamkazi, amene amakhala kwa mayi ake cha ku Kabudula. Anamva kuti msuweni wake wafika, ndiye anabwera ndi dengu la mtedza pamutu, mwana kumbuyo. Pamsonkhano wa Lolemba uja panalibe. Malamulo anga sanawamve.

Inu mukudziwa mmene asuweni amachitira. Mwana wa mlongo wako ndi mwana wako amakhala mwamuna ndi mkazi pa nthabwala, amanyozana mmene angathere ndipo palibe mlandu. Awiriwa anakulira limodzi mpaka tsiku la lole lija.

Esinati anatula dengu, anayang'ana ife pansi pa denga, anayang'ana pansi pa mango, n'kugwira m'chiuno.

"Aa! Kodi ameneyu ndi mwamuna wanga uja? Iwe Eliya! Amuna anzako akuthyoka misana, iwe wakhala pamenepo ngati nkhuku yofungatira mazira? Kusukulu kuja anakuchotsa mafupa eti?"

Ngakhale chifuwa cha a Kachiza chinaleka.

"Esinati!" ndinakuwa. "Tseka pakamwa, ukudziwa amene ukulankhula nawo?"

"Ndisamudziwe bwanji, ababa? Si uyu ankalira ndikamulanda chimanga chootcha, mamina ali chuchuchu? Taimirira iwe, tione ngati miyendo ilipo. Ukapanda kutero ndikusudzula lero lomwe, jekete yakoyo ndikuponyera kumphala."

Ndinayang'ana Eliya ndili ndi mantha. Ndinayesa wakwiya. Kenaka anaphulika nseko, nseko ya m'mimba, mutu ataugwetsera kumbuyo monga ankachitira ali wamng'ono. M'maso mwake munali misozi, koma tiyeni tinene kuti inali ya nsekoyo.

"Ukandisudzula akutola ndani iwe," anatero, "ndi pakamwa ngati lipenga pamenepo?"

"Ee, kalankhula! Ndimayesa Chichewa unakagulitsa kumeneko."

"Ndinasungako chokwanira iwe."

Jekete ija anangoiponya pa fumbi. Analowa pansi pa denga, mbali ya kumadzulo imene inkatilemera. Tinanyamula. Koma poti ndi wamtali kuposa tonse, mbali yake inakwera msanga, denga linapendekera kwa ife.

"Iwe wamtali, pinda mawondo!" anakuwa a Kachiza. "Ukufuna kutikwirira amoyo?"

Ubwana uja anauiwala. Ndani angakumbukire bwana denga lili pakhosi?

"Chonchi?"

"Tsitsabe! Eya. Tiyeni tsopano, pamodzi!"

Denga linakwera, linagwedezeka pang'ono, n'kukhala pa nkhokwe ngati linabadwira pomwepo. Azimayi analulutira.

Eliya anatuluka udzu uli m'tsitsi monse, malaya atang'ambika paphewa pamene nsungwi inamukanda, timagazi tikuoneka. Ndinaona mlongo wanga akuyenda kupita kwa iye. Sanagwade. Anamukoka khutu kuti awerame, n'kuyamba kumuchotsa udzu m'mutu, umodziumodzi.

"Taona malaya wang'amba," anatero. "Mwana iwe sunasinthe. Vula ndikusokere."

Ine ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukaona ngati luzi lagwira bwino. Linali litagwira bwino. Ndinakhalitsako pang'ono.

Thobwa linayenda m'chikho chimodzi, kuyambira akulu kutsikira kwa ang'ono monga mwa nthawi zonse, ndipo Eliya chinamufika chakumapeto, pamalo pa msinkhu wake. Anakhala pansi pakati pathu wopanda malaya. A Kachiza anapukuta pakamwa n'kumugunda ndi chigongono.

"Dzulo ndinakunamiza, mphwanga. Sukulu sindinatope nayo. Ndinkaikonda kuposa nyama. Kunabwera woyendera sukulu, anandikweza mkono, anasuzumira m'khwapa, n'kunena kuti ndakula, ndipite ndikakwatire. Masamu ndinkaposa onse m'kalasimo. Anafunsa kukhwapa, mutu sanaufunse."

Tinaseka, koma nseko yake inali yaifupi. Wina anati mwana wake anakhoza bwino Sitandade 6, koma anauzidwa kuti malo ku sekondale adzaza, ndipo pano akulima fodya wa mzungu. Wina anati mwana wake wamkazi anamuchotsa yekha, poona kuti ngakhale anyamata akubwezedwa, ndipo mpaka lero mwanayo akaona anzake atanyamula mabuku amalowa m'nyumba. Nkhani zinatuluka ngati inswa mvula itagwa. Eliya sanalembe chilichonse. Ankangomvetsera, n'kumafunsa apo ndi apo, ndipo anthu ankamudula mawu, kumutsutsa, kumuuza kuti zimenezo sakuzidziwa. Nkhope yake inkawala.

Tsopano ndilankhule nanu, abale anga owerenga.

Timadandaula kuti ku Boma masitolo ena amatigulitsira pawindo. Timadandaula kuti sukulu zapamwamba zoti ana athu alowe ndi zochepa, ndipo ana a mitundu ina ali ndi makomo awo amene sapanikiza chonchi. Kudandaula kumeneko n'koyenera, ndipo tisaleke. Sindikunena kuti mpando umene ndinabwereka ndi wofanana ndi windo la kusitolo. Windo lija analiboola ndi chipongwe, ndipo kumbuyo kwake kuli lamulo. Mpando wanga ndinausenza ndi chikondi, ndi zina zimene ndimadziwa ndekha.

Koma kwa munthu wokhalapoyo, kuzizira kwake kumasiyana bwanji?

Taganizani za ana athu ochepa amene apyola. Mwana akabwera ku tchuthi kuchokera ku sekondale, timatani naye? Timamupatsa supuni. Timamuletsa khasu. Amayi ake omubereka amayamba kumutchula kuti inu, agogo ake amamutcha bwana mwanthabwala, kenaka nthabwala ija imauma n'kukhala dzina. Anzake amene ankasaka nawo mbewa amamupatsa moni ataima patali. Tchuthi china akapanda kubwera timati sukulu yamuwononga, wayamba kunyada, watiiwala.

Anayamba ndani?

Akulu anati mlendo ndi mame. Ife timakonda kuutchula mwambi umenewu pofuna kunena kuti mlendo timusamale poti sakhalitsa. Koma utembenuzeni. Ukamusandutsa mlendo mwana wako, usadabwe dzuwa likatuluka n'kupeza wakamuka.

Ndipo pali china choposa apa. Ana amenewa ndi amene akakhale m'zipinda zimene ife sitidzalowamo, mmene mumakambidwa zoti sukulu imangidwe kuti, ilole yani, ibweze yani. Akafunsidwa kuti anthu akwanu akuti chiyani, akayankha zimene tinawauza. Tikawauza kuti zonse zili bwino bwana, akanena chiyani? Nkhani ya kukhwapa kwa a Kachiza siili m'buku lililonse. Ikanathera m'mudzi muno pamodzi ndi mwini wake, chifukwa munthu sauza bwana za kukhwapa kwake. Amauza mphwake.

Eliya anandiuza kuti m'ntchito yake wapeza kuti opatula anthu kawirikawiri sanena kuti tikukupatula. Amati tikukusamala. Pamene ankanena zimenezo Lachitatu lija sindinamve. Ndinamvetsa ndili kuseri kwa nkhokwe.

Sindikuti ulemu ndi woipa. Mlendo weniweni mupatseni mpando, mupheleni tambala. Koma ulemu wa mwana wa pakhomo ndi wina. Ndi kumutuma madzi. Ndi kumusiyira chikho pamalo pa msinkhu wake. Ndi kumuuza kuti wanama akanama, ngakhale atawerenga mabuku odzaza ngolo.

Loweruka lole inadutsa pa Nsaru nthawi yake. Ine ndinali pamsika pomwepo, ndinaiona ikunyamuka, fumbi lake n'kutha. Eliya anali kumunda. Mayi ake anamudzutsa kusanache bwino, anamuuza kuti nkhokwe imene anaikwezera denga sidzidzaza yokha, n'kumusenzetsa dengu. Pobwerera ndinakumana nawo panjira, iye patsogolo dengu litapendekeka, chimanga chikugwa, mayi ake pambuyo akutola.

"Yenda bwino iwe! Mutu wonsewo wongosungira Chingerezi?"

"Ndikuyesetsatu, amayi."

"Kuyesetsa kwake kumeneko? Chaka chamawa ubwere nthawi yopalira, ndikuphunzitse ntchito kuyambira pachiyambi."

"Nthawi yopalira sukulu imakhala isanatseke."

"Ukawauze kuti amayi ako akuitana."

Anandidutsa akukangana choncho, osandiona n'komwe. Kutha kwa mwezi adzapita ndithu, ntchito yake ili kumeneko ndipo ndi ntchito yofunika. Koma mlongo wanga wayamba kale kumusungira mzere wake m'munda.

Nanga inu amene muli ndi mwana wophunzira, amene mumamutchula monyadira kutchalitchi ndi kumsika, ndikufunseni: munamukalipira liti komaliza?